Kuika mabuleki a disiki kumbuyo kwa Golf yakale: malangizo a pang'onopang'ono

Aliyense amene anatsikapo mapiri a ku Namwera ndi galimoto yodzaza, kuchokera ku Chiponde kulowera ku boma la Mangochi, amadziwa fungo la mabuleki amene atentha, ndipo amadziwanso mantha amene amagwira munthu pamene phazi likuponda koma galimoto sikumvera monga inamverera pa khona loyamba. Kuno kwathu kuli ma Golf akale angapo amene anabwera ndi abale athu ogwira ntchito ku Joni, makamaka Citi Golf, imene kampani ya Volkswagen inkapanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009 pa thupi la Golf Mk1, ndiko kuti Golf ya mtundu woyamba. Magalimoto amenewa ndi opepuka ndipo amathamanga, makamaka a injini ya 1.8 monga CTi, koma kumbuyo ali ndi madiramu, ndipo eni ake ambiri akangoikonza injini kuti ikoke bwino amayamba kuganiza zochotsa madiramuwo n'kuika madisiki. Ntchitoyi ndi yotheka kuigwira pakhomo ngati muli ndi zida zoyenera, ndipo zimene ndilembe pano zikukhudza Golf Mk1 ndi Citi Golf, ngakhale kuti mfundo zake zambiri zimagwiranso ntchito pa magalimoto ena akale othamanga.

Ndiyambe ndi mawu amene ogulitsa zipangizo sakonda kunena. Madisiki akumbuyo paokha safupikitsa kwenikweni mtunda umene galimoto imaimira. Mukaponda buleki mwamphamvu, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, ndipo pa galimoto ya injini yakutsogolo ngati Golf, matayala akutsogolo ndi amene amagwira pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a ntchito yonse yoimitsa, nthawi zina kuposa pamenepo. Matayala akumbuyo amapepukidwa pa nthawi yomweyo, choncho mukawapatsa mphamvu yochuluka amaloka, ndiko kuti amaleka kuzungulira n'kumangokhwekhwerezeka, ndipo galimoto imene matayala akumbuyo aloka akutsogolo asanaloke imatembenuka matako kutsogolo woyendetsa asanadziwe chimene chachitika. Phindu lenileni la madisiki ndi lina: amataya kutentha msanga, sasunga madzi ndi mchenga monga amachitira madiramu, amadzikonza okha mapadi akamatha, ndipo buleki imagwira mofanana kuyambira pamwamba pa phiri mpaka pansi. Ngati mukufuna zimenezi, pitirizani. Ngati mukungofuna kuti disiki izioneka kuseri kwa rimu, dziwani kuti kukongola kumeneko kuli ndi mtengo wake, ndipo gawo loyesa galimoto kumapeto kwa ntchito simuyenera kulidumpha.

Musanagule kanthu

Yambani mwaonetsetsa kuti zimene zilipo kale zikugwira ntchito, chifukwa magalimoto ambiri amene eni ake amati madiramu ndi ofooka amakhala ndi vuto kwina. Onani mapadi ndi madisiki akutsogolo, onani mapaipi a labala ngati ang'ambika kapena akufufuma wina akaponda buleki, onani matayala ndi mashoka. Tayala losalala silingaimitse galimoto ngakhale mutaika mabuleki a galimoto ya mpikisano. Pa Golf Mk1 ya chiwongolero chakumanja, monga timayendetsa kuno, masita silinda, imene imakankha mafuta a buleki kupita ku mawilo, ili kumanzere ndipo mphamvu ya phazi imafika kumeneko kudzera pa ndodo yachitsulo yodutsa mopingasa kuseri kwa injini. Mfundo za ndodo imeneyi zikatha, chopondera chimatsika kwambiri buleki isanagwire, ndipo vuto limeneli silichoka ndi madisiki akumbuyo. Likonzeni poyamba.

Kenako gwadani muyang'ane pansi pa galimoto pafupi ndi chitsulo chachikulu chopingasa chimene chimanyamula matayala akumbuyo. Fufuzani ngati pali valavu yokhala ndi kamkono ndi sipuling'i yolumikizidwa ku chitsulocho. Imeneyi ndi valavu yogawa mphamvu molingana ndi katundu, ndipo ma Golf ena ali nayo pamene ena alibe. Muyenera kudziwa izi tsopano, chifukwa zidzakhudza mndandanda wa zogula.

Zipangizo zofunika

Njira yosavuta komanso yodalirika ndi kutenga zonse pa galimoto imodzi imene inatuluka mufakitale ndi madisiki kumbuyo, ndipo pa banja la Volkswagen imeneyi ndi Golf Mk2 GTI kapena Scirocco 16V. Mabawuti a mawilo ake ndi 4 pa mzere wozungulira wa mamilimita 100 m'mimba mwake, chimodzimodzi ndi Citi Golf, choncho marimu anu alowa. Chenjerani ndi zipangizo za ma Golf Mk3 ena, makamaka VR6, zimene zili ndi mabowo 5. Mufunika ma stub axle (tizitsulo timene wilo limazungulirapo) awiri a disiki, amene amasiyana ndi a diramu chifukwa ali ndi makutu omangapo chonyamulira kalipa (kalipa ndi chimene chimapanitsa mapadi pa disiki), malata awiri otchinga fumbi, zonyamulira makalipa ziwiri, makalipa awiri, yakumanja ndi yakumanzere, ndiponso madisiki awiri a mamilimita 226. Disiki yatsopano imakhala yochindikala mamilimita 10 ndipo ikafika pa 8 yatha, choncho ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito muiyeze, koma kunena zoona madisiki, mapadi, mabeling'i ndi masilo ake, mapini otsekera nati, mapaipi a labala ndi mabawuti a stub axle ndi zinthu zoyenera kugula zatsopano. Makebulo a handibuleki a diramu sakwanira pa kalipa. Amene amalowa bwino pa thupi la Mk1 ndi a Scirocco 16V, chifukwa galimoto imeneyo inamangidwa pa maziko omwewo, ndipo ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg, ichi ndi chinthu chomutuma msanga popeza kuno n'chosowa.

Makalipa a Mk2 ndi achitsulo cholemera ndipo amadziwika ndi nthenda imodzi: kamkono ka handibuleki kamagwidwa dzimbiri n'kuleka kubwerera. Ambiri amaika m'malo mwake makalipa a aluminiyamu a Golf Mk4, amene amalowa pa chonyamulira chomwecho koma amafuna mapaipi a labala a mutu wina. Kaya mwasankha ati, musalipire musanawagwire m'manja. Ine ndinaphunzira izi movutikira. Ndinatumiza ndalama kwa wogulitsa wina wa mu mzinda amene anandilumbirira pa foni kuti makalipa ake ndi abwino, ndipo atafika pa minibasi ndinapeza kuti anawapaka penti yofiira yonyezimira pamwamba pa dzimbiri, ndipo kamkono ka imodzi mwa iwo sikanasunthe ngakhale nditakamenya ndi hamala. Kaya mukugula ku Ndirande kapena ku Biwi, kokani kamkono ka handibuleki ndi dzanja muone ngati kakubwerera kokha, tsegulani nipo yotulutsira mpweya muone ngati siinathyoke kapena kumata, ndipo suzumirani pansi pa labala wa pisitoni ngati mulibe dzimbiri kapena mafuta otayikira.

Mafuta a mabuleki gulani lita imodzi ya DOT 4 m'botolo losatsegula. Mafutawa akakhala atsopano sawira mpaka atadutsa madigiri 230, koma amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Kuno kunyanja kumene mpweya umakhala wonyowa komanso wotentha, botolo limene lakhala lotsegula pa shelefu kwa miyezi ingapo musalikhulupirire. DOT 5 ndi ya mtundu wina, yopangidwa ndi silikoni, ndipo siyenera kusakanizidwa ndi DOT 3, DOT 4 kapena DOT 5.1.

Pa zida, kupatula masipanala wamba, mufunika sipanala ya mapaipi a buleki ya 11, imene imagwira nati mbali zambiri kuti isasalale, sipanala yopyapyala ya 15, soketi ya 24, makiyi a Allen, chida chobwezera pisitoni mozungulitsa, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, ngakhale yobwereka.

Kukonza malo ndi kuchotsa diramu

Dothi la kuno ndi lamchenga, ndipo jeke yoimikidwa pa mchenga imamira pang'onopang'ono mpaka galimoto kupendekera munthu ali pansi. Pezani malo a simenti, tsekerani matayala akutsogolo ndi mitengo, ikani galimoto mu giya yoyamba, masulani pang'ono mabawuti a mawilo akumbuyo galimoto ikadali pansi, kenako ikwezeni n'kuikhazika pa masitandi achitsulo mbali zonse ziwiri. Njerwa zowotcha siziyenera kunyamula galimoto, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Ngati ndi nyengo ya mwera, gwirani ntchitoyi kuseri kwa nyumba kumene mphepo siikufika, popeza kamchenga kochepa kolowa mu girizi ndi kokwanira kuwononga beling'i yatsopano. Mu October yambani m'mamawa dzuwa lisanakwere, chifukwa munthu wotopa ndi kutentha ndi amene amaiwala kumanga bawuti.

Tsitsani handibuleki ndipo masulani manati a makebulo ake pafupi ndi chokokera m'kati mwa galimoto. Chotsani kachipewa kapakati pa diramu, wongolani ndi kusolola pini, chotsani kachivundikiro ka mano, nati ya 24, washa ndi beling'i yakunja. Diramu ikakana kutuluka, musaimenye. Pa ma Golf ambiri muli kamphero kodzikonzera mashuzi, ndipo mukazungulitsa diramu mpaka bowo limodzi la bawuti ya wilo lilunjike pa kampheroko, mutha kulowetsa sikuludiraiva n'kukakankhira m'mwamba, mashuzi abwerera m'kati ndipo diramu ituluka yokha. Fumbi la m'diramu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa mashuzi akale ena anali ndi asibesitosi amene amawononga mapapo. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa.

Musanamasule paipi, pondani chopondera pang'ono n'kuchitchinjiriza ndi ndodo yotsamira pa mpando. Izi zimatseka njira ya mafuta mu masita silinda kuti asamangodontha mpaka kabotolo kuuma, koma kumbukirani kuchotsa waya wa batire chifukwa magetsi a buleki akhala oyaka. Thirani mafuta osungunula dzimbiri pa nati ya paipi yachitsulo imene ikulowa mu silinda ya wilo, dikirani, kenako masulani ndi sipanala ya 11 mukuyang'ana kuti paipi isapotoke pamodzi ndi nati. Mukatero masulani mabawuti 4 amene amanga mbale ya mashuzi ndi stub axle ku chitsulo chopingasa chija, ndipo zonse zituluka pamodzi. Musataye kanthu. Ikani zonse za diramu m'katoni, chifukwa ngati kuyesa kwa kumapeto sikuyenda bwino mudzafuna njira yobwerera.

Stub axle, mabeling'i ndi disiki

Palani nkhope ya chitsulo pamene stub axle ikhale mpaka pasatsale dzimbiri kapena mchenga, chifukwa kachinthu kochepa kotsalira pamenepo kamapendeketsa wilo, ndipo tayala limatha mbali imodzi. Ikani stub axle ndi lata lake, makutu a kalipa ali mbali yofanana kumanja ndi kumanzere, mangani mabawuti atsopano mopingasana, ndipo malizitsani ndi torque wrench pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo. Mabawuti anayi amenewa ndi okhawo amene agwira wilo ku galimoto, choncho bawuti wamba ya mu hadiweya siloledwa pano.

Pa Golf, disiki yakumbuyo ndi imenenso imanyamula mabeling'i, monga mmene inalili diramu. Lowetsani mphete zakunja za mabeling'i m'disiki pogwiritsa ntchito mphete yakale kapena soketi yaikulu ngati chokhomera, pang'onopang'ono komanso mowongoka, mpaka phokoso la hamala lisinthe kusonyeza kuti yafika pansi. Girizi musangoipaka pamwamba. Ikani mulu wa girizi pachikhatho, kanikizani m'mphepete mwa beling'i mobwerezabwereza mpaka girizi itulukire mbali inayo pakati pa timagudumu tonse. Ikani beling'i yam'kati, tsekani ndi silo yatsopano, vekani disiki pa stub axle, kenako beling'i yakunja, washa ndi nati.

Kumanga nati imeneyi ndi kumene ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja lozolowera kumanga zolimba limafuna kukoka mpaka kumapeto. Mabeling'i awa ndi osongoka ndipo amafuna kampata kochepa. Mangani nati mukuzungulitsa disiki kuti mabeling'i akhale m'malo, kenako bwezani pang'ono mpaka washa yakuseri kwa nati izitheka kusuntha mukaikankha ndi nsonga ya sikuludiraiva ndi mphamvu ya chala chokha, osapotoza kapena kutsamiritsa sikuludiraivayo. Washa ikakana kusuntha ndiye kuti mwamanga kwambiri ndipo beling'i itentha musanafike ku Monkey Bay. Ikamasewera yokha ndiye kuti yamasuka ndipo disiki izigwedezeka n'kumakankha mapadi. Mukapeza pakati, ikani kachivundikiro ka mano, pini yatsopano ndi kachipewa. Tsukani nkhope zonse ziwiri za disiki ndi mankhwala otsukira mabuleki kuti muchotse mafuta amene amapaka kufakitale. Palafini ndi dizilo ayi, chifukwa amasiya mafuta pa chitsulo ndipo akakhudza malabala a kalipa amawatupitsa.

Kalipa, mapaipi ndi handibuleki

Mangani chonyamulira kalipa pa makutu a stub axle, ndipo solorani mapini ake awiri otsetsereka, muwatsuke, muwapake girizi ya mabuleki imene siiwononga labala, n'kuona kuti akulowa ndi kutuluka mosavuta. Pisitoni ya kalipa yakumbuyo siibwezedwa pongoikanikiza monga timachitira kutsogolo. M'kati mwake muli ulusi wa handibuleki, choncho iyenera kuzunguliridwa kumanja uku ikukanikizidwa. Mukaikakamiza ndi chopanira, muthyola zam'kati ndipo kalipa yatha pomwepo. Ikani mapadi, vekani kalipa, ndipo mangani mabawuti ake ndi sipanala ya 13 mukugwira pini ndi yopyapyala ya 15 ija kuti isazungulire n'kung'amba labala.

Tsopano yang'anani nipo yotulutsira mpweya. Iyenera kukhala pamwamba, chifukwa mpweya umakwera ndipo nipo ikakhala pansi simungautulutse ngakhale mutatha malita awiri a mafuta. Nthawi zambiri nipo ikapezeka pansi ndiye kuti mwasinthanitsa kalipa yakumanja ndi yakumanzere. Koma pa thupi la Mk1 zimachitika kuti njira ya kebulo ya handibuleki imakukakamizani kuika makalipa mozondotsa, ndipo zikatero potulutsa mpweya muyenera kumasula kalipa, kuika kathabwa kochindikala ngati disiki pakati pa mapadi, n'kuigwira m'manja nipo ili m'mwamba mpaka mpweya utha.

Paipi yachitsulo siiyenera kulowa mwachindunji mu kalipa, popeza kalipa imasuntha pa mapini ake ndipo chitsulo chopindidwa mobwerezabwereza chimathyoka. Pakati pake pakhale paipi ya labala, yomangidwa pa chogwirira cholimba, yosapotoka. Kwezani chitsulo chopingasa chija ndi jeke mpaka pamwamba, kenako chitsitseni mpaka pansi, muone kuti paipi siikukokeka ndipo siikukhudza sipuling'i, shoka kapena m'kati mwa rimu. Vekani wilo mongoyesa n'kulizungulitsa, makamaka ngati marimu anu ndi a mainchesi 13, kuti mumve ngati sakukhula kalipa. Makebulo a handibuleki alowetseni m'njira zake n'kuwakoleka pa timikono ta makalipa, koma musawamange tsopano ndipo musakoke handibuleki.

Kutulutsa mpweya

Ntchito imeneyi, imene amakaniko amati kubulida, imafuna anthu awiri ndi mawu ochepa omveka bwino. Chotsani ndodo ija pa chopondera, ikani kathabwa pansi pake kuti chisamafike pansi penipeni, chifukwa mu masita silinda yakale malabala akapitirira pamene amafika masiku onse amakakhula dzimbiri n'kung'ambika. Kokani mafuta akale m'kabotolo ndi jekeseni, thirani atsopano, ndipo yambani ndi wilo lakumbuyo lakumanja, kenako lakumbuyo lakumanzere, lakutsogolo lakumanja, n'kumalizira lakutsogolo lakumanzere. Vekani kapaipi koonekera m'kati pa nipo, nsonga inayo muimize m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Ine amandithandiza ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo tinagwirizana kalekale kuti palibe kucheza pa nthawi imeneyi. Ndikati "ponda", amaponda pang'onopang'ono katatu n'kugwira, ndiye amayankha kuti "ndagwira, amalume". Pamenepo ndimatsegula nipo, chopondera chimatsika, ndimatseka, kenako ndimati "siya". Akasiya nipo isanatsekedwe, mpweya umabwerera ndipo timayambiranso. Pitirizani mpaka m'kapaipi mukudutsa mafuta oyera opanda thovu, ndipo muzisuzumira kabotolo pafupipafupi kuti kasaume. Mafuta akadonthera pa penti, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo chifukwa amaisupula.

Ngati galimoto yanu ili ndi valavu ya katundu ija, kumbukirani kuti mawilo akalendewera valavu imaganiza kuti kumbuyo kulibe kulemera konse ndipo imachepetsa mafuta opita kumbuyo. Kwezani chitsulo chopingasa ndi jeke kufika pamene chimakhala galimoto ili pansi, kapena uzani wina agwire kamkono ka valavu kali kotsegula, apo ayi mudzadabwa kuti mafuta akungodontha pang'ono. Menyani kalipa mopepuka ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti timathovu tobisala m'makona tikwere.

Mukamaliza, pondani chopondera mwamphamvu kambirimbiri kuti mapisitoni atuluke n'kukhazikika pa mapadi. Ndi pamenepa pokha pamene mungamange makebulo a handibuleki, mpaka timikono ta makalipa tingonyamuka pang'ono chabe, ngati milimita imodzi, kuchoka pa zotsamira zake, mofanana mbali zonse. Mukamanga kebulo poyamba kuti mubise mpata wa pisitoni, handibuleki imaoneka ngati ikugwira koma chopondera chimakhala chotsika ndipo mapadi amakhula. Kokani ndi kutsitsa handibuleki kangapo, kenako zungulitsani wilo lililonse ndi dzanja. Liyenera kuzungulira ndi kamkokomo kochepa chabe. Likamagwira, onani kebulo, mapini ndi kamkono, ndipo ngati zonsezi zili bwino, ganizirani za kavalavu kosunga mphamvu yotsalira kamene makina ena a madiramu amakhala nako, kamene pa disiki kamachititsa mapadi kukhula nthawi zonse. Chopondera chikhale cholimba. Chikamafewa ngati papaya lakupsa, mpweya ukadalimo. Ngati mpweya watha ndithu koma chopondera chikutsikabe kwambiri, chifukwa chake n'chakuti mapisitoni a kalipa amamwa mafuta ambiri kuposa timasilinda ta diramu, ndipo ambiri amathetsa izi poika masita silinda yokulirapo ya mamilimita 22.2 ya Golf Mk2 16V.

Kugawa mphamvu ndi kuyesa

Apa ndi pamene ntchito yonse imaweruzidwa. Mapaipi a Golf amagawidwa mopingasa: njira imodzi imadyetsa wilo lakutsogolo lakumanja ndi lakumbuyo lakumanzere, ina imadyetsa awiri otsalawo, cholinga chake n'chakuti paipi imodzi ikaphulika galimoto itsale ndi theka la mabuleki. Choncho kumbuyo kumapita mapaipi awiri osiyana, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti muwalumikize kukhala imodzi kuti muike valavu imodzi yosinthika, akukuuzani kuti muchotse chitetezo chimenechi. Ngati galimoto ili ndi valavu ya katundu, ikhale yamoyo: kamkono kake kazisuntha ndipo isadonthe. Ngati ilibe, ikani zochepetsa mphamvu ziwiri, imodzi pa paipi iliyonse yakumbuyo, kapena valavu ya njira ziwiri yochokera pa galimoto imene munatengako madisiki. Kuyenda popanda chochepetsa chilichonse pa galimoto yopepuka kumbuyo ngati Citi, imenenso ilibe ABS, makina oletsa matayala kuloka, ndi kuika moyo pachiswe.

Pali msampha wina umene umagwira anyamata okonda kutsitsa magalimoto. Valavu ya katundu imadziwa kulemera poona mmene thupi latsikira. Mukaika masipuling'i aafupi, valavu imaganiza kuti mwanyamula anthu atatu kumbuyo ndi matumba a mpunga m'buti, ndipo imatumiza mphamvu yonse kumbuyo pamene galimoto ili yopanda kanthu. Galimoto yotsitsidwa iyenera kukonzedwanso sipuling'i ya valavu kuti igwirizane ndi msinkhu watsopanowo.

Mangani mawilo, tsitsani galimoto, malizitsani mabawuti ndi torque wrench pa 110 Nm, lumikizani batire, ndipo yesani buleki pabwalo pa liwiro la munthu woyenda pansi musanatuluke. Kenako zoloweretsani mapadi ndi madisiki pa msewu wowongoka nthawi imene kulibe akabaza, ana asukulu ndi mbuzi: kwerani kufika pa makilomita 60 pa ola, pondani mwapakatikati mpaka pafupifupi 15 osaima, bwerezani ka 8 kapena ka 10, kenako yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Musaime n'kukoka handibuleki madisiki ali otentha, chifukwa padi imasiya chidindo pa disiki chimene pambuyo pake chimanjenjemeretsa buleki.

Tsopano pezani bwalo lalikulu la dothi lolimba lopanda anthu, mitengo kapena ngalande. Galimoto ikhale yopanda katundu, muli nokha, petulo wochepa m'thanki, chifukwa ndi pamene kumbuyo kumapepuka kwambiri. Mnzanu aime patali chammbali akuyang'ana mawilo. Yendani mowongoka pa makilomita 30 pa ola, pondani mowonjezera pang'onopang'ono mpaka tayala lina liloke, ndipo iye akuuzeni kuti layamba ndi liti. Akutsogolo ayenera kuyamba nthawi zonse. Tsikani muone mizere pa dothi: iyenera kukhala yowongoka ndi yofanana mbali zonse. Akumbuyo akayamba, kapena matako a galimoto akasunthira kumbali ngakhale pang'ono, chepetsani mphamvu yakumbuyo pa valavu n'kuyesanso, ndipo musatulukire pa M3 kapena M10 izi zisanakonzeke. Dothi likakupatsani yankho labwino, bwerezani pa phula louma pa liwiro lokwererapo pang'ono, chifukwa pa phula matayala amagwira kwambiri, kulemera kumathamangira kutsogolo koposa, ndipo kumbuyo kumapepuka kuposa mmene kunalili pa dothi. Galimoto imene inaoneka yabwino pabwalo imatha kuonetsa khalidwe lake lenileni pamenepo. Mukatero yesaninso muli ndi anthu kumbuyo.

Mukayenda makilomita 100 oyamba, kwezaninso galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza kuti mumve mpata wa beling'i, onani mfundo zonse za mapaipi ngati sizikunyowa, ndipo bwerezani mabawuti a mawilo. Dziwitsani a inshuwalansi za kusinthaku, ndipo onetsetsani kuti handibuleki ikugwira galimoto pa chitunda musanapite kukayezetsa COF, popeza handibuleki ya disiki nthawi zambiri siiluma ngati ya diramu ndipo imafuna kuti makebulo akhale okonzedwa bwino. Muziikoka tsiku lililonse ngakhale mwaimika pa malo athyathyathya, chifukwa kamkono ka kalipa kamene sikasuntha kwa milungu ingapo m'chinyezi cha kunyanja ndi kamene kamagwidwa dzimbiri. Mukabwera ku Makanjira kapena ku Chembe nyengo ya mvula, tsukani makalipa ndi madzi kuti matope asaumire pa mapini, ndipo mafuta a mabuleki muziwasintha onse pakatha zaka 2. Ulendo woyamba wotsika ku Namwera kapena ku Khwekhwerere, ikani giya yachiwiri kapena yachitatu kuti injini ithandize, ndipo mukafika pansi imani pambali n'kuyandikitsa dzanja pa rimu iliyonse yakumbuyo osaikhudza. Zonse ziwiri zikhale zofunda mofanana, ndipo ngati imodzi ikutentha kuposa inzake, kalipa ya mbali imeneyo ikukhula ndipo iyenera kumasulidwa musanayendenso ulendo wina.